Mizere Iwiri ya Patsamba Lachitatu

Fomu ija ndinakasindikizitsa ku Ginnery Corner,
inki yake yotuwa ngati anaithira madzi.
Ndinaidzaza m'minibasi, bondo ndilo tebulo:
dzina, mudzi, mfumu, boma,
chifukwa chimene ndikufunira kuchoka
pakoleji yathu ya pamwamba pa shopu ya matayala ku Limbe.
Zonsezo zinayenda ngati madzi a m'ngalande.
Koma m'munsi mwa tsamba lachitatu
munali mizere iwiri yopanda kanthu,
yofuna anthu awiri ondidziwa bwino
oti alembe makalata ondichitira umboni.
Cholembera chinaima tisanafike pa Chichiri.

Amalume a ku Chilomoni anati usadzivute,
pita kwa Dokotala Mtambalika, mkulu wa koleji,
chidindo chawo chikagwa papepala
ngakhale mlonda wa pageti amaimirira.
Ndinapita.
Ndinakhala pabenchi kuyambira teni koloko
mpaka mthunzi unachoka pagalimoto yawo.
Potuluka anandimwetulira bwino ndithu:
"Ndaona, eti? Wa chaka choyamba uja?"
Ine ndine Ndaziona. Chaka chachiwiri.
Miyezi inayi ndinkakhala mpando wakutsogolo
mpaka fumbi la choko chawo linkagwera m'kope langa.
"Lemba wekha zimene ukufuna, mwanawe,
usiye kwa sekilitale, ndidzasaina."

Usiku ndinayesa kudzitama ndi pakamwa pa munthu wina.
Ndinafika pa "mtsikana wakhama ndi wodzichepetsa"
n'kuyamba kuseka ndekha, kandulo n'kuzima.

Amayi anati nanga abusa?
Abusa amadziwa kuti ndimaimba aluto
ndiponso kuti sindijomba kukolopa Loweruka.
Sanandionepo ndikulimbana ndi buku la maakaunti
lokana kugwirizana ndi makwacha makumi asanu.

Dzina limene ndinkalizemba ngati chithaphwi
ndi la Mayi Chikakwiya.
Mayeso oyamba anandipatsa makumi atatu ndi asanu ndi atatu,
pansi pake, ndi inki yofiira:
"Yankho ndaliona. Njira wabisa kuti?"
Sabata ziwiri zimene ndinagona pakhonde ku Gulupu
ndikudikirira amayi atatupa miyendo,
ndi iwo okha anafunsa kuti mpando uwu mwini wake ali kuti.
Nditabwerako sanandipepese,
anangondipatsa mapepala asanu ndi limodzi
ndi kiyi wa kalasi, kuti ndizitsala ena akaweruka.
Tsono ndikawauze bwanji kuti ndikuchoka,
kuti zimene anandiphunzitsa ndikukazionetsa kwina?

Mbewa yamanyazi inafera kuuna.
Lachiwiri ndinagogoda.
Anawerenga fomu yonse, ngakhale timalemba tam'munsi,
kenaka anavula magalasi.
"Za kuchedwa kwako m'mawa ndilemba.
Za makumi atatu aja ndilembanso,
chifukwa popanda amenewo
makumi asanu ndi awiri a mu Julayi alibe nkhani.
Ubwere Lachinayi. Envulopu ugule wekha."
Pamasitepe miyendo inkanjenjemera,
fungo la matayala atsopano likukwera kudzandichingamira.

Mzere woyamba wadzaza.
Wachiwiri ukundiyang'anabe.

Alipo Bambo Sapuwa a hadiweya ya ku Ndirande
kumene ndimalemba mabuku masana a Loweruka.
Anaona ndi maso awo nditapeza matumba asanu ndi anayi a simenti
amene anasowa pakati pa lisiti ndi lisiti,
ndipo anauza msika wonse mpaka ndinachita manyazi.
Koma Chingerezi chawo chimayenda motsimphina,
chidindo chawo chili ndi chithunzi cha wilibala.
Kodi a muofesi ya ku Chichiri akachiona
adzawerenga mpaka pansi?

Tsiku lotseka ndi Lachisanu, folo koloko.
Amalume aimba kale kawiri.
Pamzere wachiwiri ndalemba Sapuwa, ndi pensulo,
labala ndaika pafupi,
ndipo magetsi sanayakebe ku Zingwangwa kuno.