Makope Asanu ndi Awiri a Tshibanda

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinamunyamula pa kabaza yanga,
kuchoka ku depoti kukafika ku Kaphatenga,
iye pambuyo, miyendo itatu ya kamera
atabereka ngati mwana wodwala.
Dzina lake linali Tshibanda.
Ana a ku Msangu ankalikhotetsa, nkumati Chiwanda,
iye nkumawavulira chipewa.

Chichewa chake chinkatsimphina.
Akakwiya, Chifalansa chinkakhuthuka ngati mpunga wa m'thumba lobooka.
"Kupe!" ankakuwa akaona kuwala kokoma pa mlambe,
ine nkugwira buleki, tonse m'fumbi phu!
Ndinadzamva mochedwa kuti ankauza dziko lonse kuti liime,
osati ine ndekha.

Kanema wake woyamba, akuti, anapsera ku Lubumbashi
pamodzi ndi nyumba imene ankamusungiramo.
Wachiwiri azungu anamuombera m'manja kutali uko,
nkumupatsa kachitsulo kojambula mbalame,
kamene kuno kankatsekereza chitseko kuti mphepo ilowe.
Wachitatu anali m'makope asanu ndi awiri,
aja a ana a sukulu, a mizere yofiira m'mbali.

Kuti adye ankajambula maukwati ndi zinkhoswe.
Mayi Nachisale anamubwezera disiki yawo:
"Ndinakulipirani kuti muonetse mkwatibwi,
osati manja a wotsuka mbale kuseri kwa tenti!"
Anabweza theka la ndalama, manja aja sanawachotse.

Nkhani ya m'makopemo inali ya mlonda wa pa sitesheni
amene m'mawa uliwonse amapukuta belu
la sitima imene inasiya kubwera.
Anasankha Ajusa, wogulitsa makala, kuti akhale mlondayo.
Mu Okutobala, njanji ikuotcha mapazi,
anamubwereza maulendo khumi ndi anayi
kungoyang'ana kumwera basi.
Ajusa anati, "Bwana, kodi ndikulakwitsa pati?"
Iye anati, "Ukudikira ngati munthu wodziwa kuti ibwera."

Kenako magetsi, kenako batire, kenako shuga m'magazi.
Mwendo anaudula ku chipatala cha boma.
Ndinkamunyamulabe, tsopano wopepuka,
akujambula msewu ndi zala zinayi zopingasa pamaso.

Makope aja ali kwanga, m'chitini cha mabisiketi.
Sindiwerenga Chifalansa.
Mwana wanga Dziwenji, wa folomu 3, amayesa ndi dikishonale ya kusukulu,
tsamba limodzi pa Sabata.
Tafika pa kope lachinayi.
Mlonda uja wakwatira, wafedwa, wakangana ndi mbuzi,
sitima sinabwerebe.

Dzulo ndinadutsa pa sitesheni ndi kasitomala wothamangira basi.
Dzuwa linagwera pa belu mwa mtundu uja.
Ndinagwira buleki.
Kasitomala anandinyoza mpaka ku depoti,
ndipo sanandipatse yonse.