Lenedi

Ndine womasulira mawu pakhoti la paboma la Thyolo.
Ntchito yanga ndi ya kabaza:
Chingerezi chikwera pano, chikatsika apo chili Chichewa,
nthawi zina chitataya chipewa m'njira.

Lachiwiri lija chiperoni chinalowa mpaka m'mafaelo.
Mlandu unali wa malire,
mizere isanu ndi umodzi ya nthochi ku Thekerani,
ndipo loya wamtali, pokonza kolala yake,
analoza loya mnzake n'kuti mai lenedi furendi.
Ine ndinatsitsa katundu: mnzanga wophunzira.

Liwu limeneli ndimalidziwa bwino.
Ukalimeza msanga ndi mneni chabe,
mwana waloweza mateyibulo dzulo, basi.
Ukalikoka, le-ne-di, lisanduka mkanjo wakuda,
lovala anthu amene mabuku anawadyera maso.
Sulipatsa mwana wa sitandade foro.
Sudzitchula nalo wekha, anthu angaseke.
M'khoti muno amaponyerana ngati moni,
makamaka akafuna kulumana.

Pa nthawi yopuma, mayi Esinala Mukhwapa,
amene anagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze loya,
anandipeza pansi pa mkungudza ndikusenda chinangwa chootcha.
Achimwene, akuti ndi mnzake?
Ndiye mbuzi zanga zikudyedwa mbale imodzi?
Ndinati ayi, ndi ulemu chabe wa pantchito.
Anakhala chete, n'kukonza mpango.
Nanga wophunzirayo, akuphunzirabe kapena anamaliza?
Mdzukulu wanga ku Nansato nayenso ndi wophunzira,
koma nsapato alibe.

Ndinatsegula pakamwa, Chingerezi sichinabwere.
Chawo chija chimatseka chitseko n'kupachika satifiketi.
Chathuchi n'chimodzi:
wa choko m'manja ndi wa wigi kumutu
timawaitana dzina lomwelo,
ngati kuti belu silinalire.

Masana mayi aja analowa m'bokosi la mboni.
Anatchula mwala uliwonse wa m'malire,
chitsa cha mbawa, chaka cha namondwe,
dzina la amene anakumba ngalande ndi khasu lobwereka.
Loya wamtali anafunsa kuti mbawa n'chiyani.
Ndinamasulira mobwerera, kukwera chitunda,
ndipo iye analemba, pang'onopang'ono,
lilime lili pakona pa mlomo
ngati mwana wa kutsogolo m'kalasi.

Chigamulo achiika pa sikisitini.
Madzulo, mu minibasi ya ku Luchenza,
ndinalitchula kawiri pansipansi, lalifupi ndi lalitali,
kondakitala n'kuyesa ndikuti nditsika.