Chala cha Gelesomu

Elube anabwera akuikankha, osaikwera,
njinga yowonda ngati galu wa mlenje,
matayala opyapyala ngati lamba wa mwana wasukulu.

Ine pa Kamwendo pano ndimadziwa za kabaza:
masipokosi othyoka ndi matumba a mtedza,
tcheni chokhuta fumbi,
mabuleki olira ngati mbuzi yomangidwa pamsika.
Koma iyi magiya ake amadya magetsi.
Ukadina kabatani pa handulo
kanthu kena kumbuyo kamati tsii,
tcheni n'kudumpha chokha kukakhala pa mano ena.

Kankatero kale, anatero Elube.
Chichitikireni maliro kangoti duu.

Inali ya mlongo wake, Gelesomu,
uja ankadutsa pano tambala asanatsike mumtengo,
atawerama ngati akufuna ndalama yogwa pa tala,
ife tikumuseka kabudula wothina.
Anaigula yakale kale ku Chipata,
itakalambira m'manja mwa munthu amene sitidzamudziwa.

Nditatsegula ndinapeza batire litafufuma ngati chitumbuwa,
mawaya ena atapsa ndi dzuwa,
ena makoswe atalawako.
Zoterezi fakitale inasiya kupanga.
Msuweni wawo wa ku Lusaka anatumiza zatsopano pa basi,
m'katoni muli kabuku ka zilankhulo zisanu ndi zinayi,
chathu mulibe.
Zatsopanozi sizifuna waya:
handulo imangonong'oneza mumphepo,
kumbuyo n'kumva.

Lachiwiri magetsi anathima.
Tinakatchaja batire kwa wometa tsitsi, ali ndi sola,
anatilipiritsa ngati tameta mitu iwiri.
Kambani, mnyamata wanga, anagwira foni,
ine sipanala yopanda ntchito.
Foni inati dikirani.
Tinadikira, netiweki itapita kukamwa madzi.
Itabwerako, chakale ndi chatsopano zinakana kulonjerana,
kuyang'anana kokha
ngati anthu olimbirana malire a munda.

Ndinati, Mayi, zakale zonse zichoke.
Anavomera kamakina ka kumbuyo,
anavomera mawaya,
batire anakalitaya yekha.
Koma pa kabatani ka kumanja anaikapo dzanja.
Pamenepo pulasitiki inali itasalala,
italowa m'kati pang'ono,
kadzenje kokumbidwa ndi chala chimodzi
zaka zisanu ndi ziwiri,
chitunda ndi chitunda, kuyambira pano mpaka ku Namitete.

Aka ayi.

Ndinamuuza kuti kabuku sikalola.
Anati kabukuko sikanamuonepo Gelesomu.

Usiku umenewo, tochi ili kukamwa,
ndinasenda kachikopa kakaleko ndi lezala,
chatsopano ndinachipala ndi tupa
pang'onopang'ono, ndikupuma ngati wakuba,
chifukwa mtengo wake ndi mabelo awiri a fodya.
Ndinamata ndi guluu wa nsapato.
Galanti inafera pomwepo.
Palibe anaikhuza.

Loweruka Elube anakwera.
Chishalo chinamutalikira, tinatsitsa.
Anagwedezeka kawiri pafupi ndi ogulitsa tomato,
amayiwo n'kukokera madengu m'mbuyo,
kenako ndinaona chala chake
chikufufuza, chikufufuza,
mpaka kulowa m'kadzenje kaja.

Tsii.

Mawu ake ndi ena, okwera pang'ono,
ofulumira ngati a ana a masiku ano.
Iye sanacheuke.
Anatenga msewu wa ku boma,
a kabaza akumuimbira mabelu,
ndipo anabwera dzuwa litapendeka,
maso ofiira. Anati ndi mphepo.

Anandilipira, n'kuwonjezera ya Fanta.

Kamakina kakale kaja ndili nako m'chitini cha maboti.
Sikalowa pa njinga iliyonse ya kuno.
Kambani amafunsa kuti tikusungiranji,
ine ndimamutuma kukapopa tayala.