Kaphokoso ka pa Njira ya ku Bedum

Kanayamba Lolemba, kunja kusanayere,
ndili pakati pa Bedum ndi Groningen,
kumene ndimakanda ufa wa buledi mzinda ukadali m'tulo.
Kwii.
Ndikaponda ndi mwendo wamanzere, kwii.
Wamanja, zii.
Ndikatsika kuti ndikaone, kamabisala
ngati wangongole akamva mawu a mwini ndalama.

Ndinayamba ndi tcheni, mnamiziridwa wa milandu yonse:
palafini, kansanza, oyilo dontho ndi dontho,
mpaka mwendo wa buluku unachita bii.
M'mawa mwake, pa mlatho wa Zuidwolde,
abakha akadali kusinza m'ngalande,
kwii.

Mapedulo ndinawamasula, ndinawapaka girisi,
ndinawamanga mpaka sipanala inandilemba m'chikhatho.
Eltjo wa nyumba yoyandikana nane anasuzumira pampanda:
"N'chishalo chimenecho.
Changa chinkatero chaka chimene madzi analowa m'khitchini."
Ndinapalasa choimirira makilomita awiri,
mphepo ya kumpoto ikundikankha pachifuwa,
chishalo osachikhudza ngakhale pang'ono.
Chishalo chinalibe mlandu.

Masipoko ndinawaliza ndi chikhadabo,
khutu pafupi, ngati wokonza gitala.
Onse anayankha mawu amodzi.

Mvula ikagwa, kankakhala chete,
ine n'kudzitama kwa anzanga a pa uvuni kuti ndakagonjetsa.
Msewu ukauma, kabwera
osaodira n'komwe.

Sabata yachitatu ndinayamba kukamva ndi komwe kulibe:
m'chitseko cha firiji,
m'masitepe okwerera kuchipinda,
m'kati mwa dzina langa wina akandiitana.

Ndinaikankha njinga mpaka kwa Aukje Bolhuis,
amene shopu yake imanunkha labala ndi khofi wozizira.
Sanagwire sipanala.
Anati, "Zungulirani pabwalopa, pang'onopang'ono,"
iye akuyenda pambali panga, mutu atapendeketsa
ngati nkhuku yomvetsera nyongolotsi.
Kenako anangoika dzanja pa kaliyala.
Zii.
Anachotsa dzanja. Kwii.
Anaikanso.

Pansi pa kaliyala, kumene maso anga sanafikeko,
panali kachitsulo kadzimbiri, ka mabawuti awiri,
kamene kankagwira mpando wa Marrit.
Mpandowo tinapatsa ena kalekale.
Marrit ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi,
amatsitsa makontena ku doko la Rotterdam
ali m'kanyumba ka galasi kutali m'mwamba,
ndipo amaimba foni Lamlungu akakumbukira.
Pamenepa ndi pamene ankandimenya msana ndi tizibakera
akuti ndithamange tipitirire basi,
nsapato imodzi itagwera kale kumbuyo ku Noorderhoogebrug.

"Ndichotse, kapena ndimange?"
Ndinayang'ana kachitsulo kopanda ntchitoko.
Ndinati mangani.
Nati sinazungulire ngakhale theka.
Masabata atatu, manja akuda, tulo toperewera,
zonse zathera m'kupotoza kumodzi kwa dzanja.
Ndalama anakana;
anati ndidzam'bweretsere buledi wamphesa zouma,
wapakati, osati wam'mbali wopserera uja.

Pobwerera njinga inkayenda ngati sikukhudza pansi.
Ndinamva atsekwe akukangana m'munda wa mbatata,
ndinamva chingwe chikumenya mlongoti wa boti,
ndinamva sitima ya ku Delfzijl isanaoneke.
Zonsezi zinalipo masiku onse aja,
ine khutu ndili nalo kumbuyo.

Ndinaganiza zomuimbira Marrit, ngakhale linali Lachinayi.
Ndimuuza chiyani? Kuti bawuti inamasuka?
Adzati, "Ababa, muli bwino koma?"

Pokwera mlatho wa Zuidwolde ndinaponda mwamphamvu
ndi mwendo wamanzere.
Khwe.
Kamawu kena, kotsika, kouma.
Ndinatsika, ndinagwedeza kaliyala, ndinagwedeza handulo.
Zonse zili nganganga.
Ndinapinda mwendo kuti ndikwerenso.
Khwe.

Bondo langa.
Limeneli Aukje alibe sipanala yake.