Bowo Lachitatu la Lamba

Chithunzi chomwe ndinatumiza ku Mponela
chinabwerera ndi nthungululu:
"Achimwene, Mangalande yakuyanjani,
khosi lachita kupindana ngati la bwana wa kubanki!"
Ndinaseka, n'kutumiza mapaundi ena.
Sindinawauze kuti pomanga zingwe za nsapato
ndimayamba ndakoka mpweya
ngati munthu wofuna kumira padziwe.

Nesi wa ku Sneinton sanandikalipire.
Anangotembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha:
makilogalamu zana limodzi ndi asanu ndi anayi,
shuga ali pakhomo, akuti odi.

Januwale ndinalumbira ngati chidakwa cha matsire.
Buledi ayi, mpunga ayi, nyama ayi,
ndinagula nsapato zothamangira za mtengo wa mbuzi ziwiri.
Tsiku lachisanu ndi chinayi linandipeza m'galimoto
kuseri kwa shopu ya nkhuku zokazinga,
mafuta ali chuchuchu m'zala,
ndikudya mobisala ngati ndaba.

Ndiye ndinasiya malumbiro.
Ndinayamba tinthu tochititsa manyazi kutchula.

Kutsika basi masiteji awiri ndisanafike,
mvula ya kuno, yosagunda, yosatha,
ikundilowa m'khosi mwa jekete.
Ndinalira mvula, matope ndi anga.
Kubwereka mbale ya mwana wanga Tithokoze,
ya maluwa m'mphepete,
kuti chakudya chochepa chizioneka chodzaza.
Kuika supuni pansi mkamwa mukadali kanthu.

Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba,
3 koloko ya usiku ndiye mfiti yanga.
Onse agona, mapaipi otenthetsa akung'ung'udza,
makina ogulitsa chokoleti akuwala pakhonde
ngati akundidziwa dzina.
Ndinaphunzira kuima patsogolo pake n'kufunsa mimba:
kodi ndiwe ukulira,
kapena ndi mtima wapukwa kwathu?
Kawirikawiri mimba imakhala chete.
Ndimamwa madzi, n'kukaona ngati bambo Hargreaves afunda.

Si masiku onse.
Paukwati wa ku Leicester ndinabwereza katatu,
mandasi ena n'kulonga m'thumba.
M'mawa mwake sindinadzizenge mlandu,
sindinadzimane chakudya ngati chindapusa.
Ndinaphika phala, n'kutsika basi pamalo pomwe paja.
Wopunthwa sabwerera kukayambira pakhomo,
amangopukuta bondo.

Sikelo nayo ndi mboni yaulesi.
Masabata atatu inakakamira nambala imodzi
ngati kondakitala wokana kubweza chenje.
Ndinaikankhira kunsi kwa bedi.
Tsopano timaonana Lamlungu lokha,
moni wa apongozi, wapatalipatali.

Lamba ndiye sanama.
Bowo loyamba linatambasuka kale, lili yasa,
chipsera cha zaka zisanu ndi chimodzi.
Lachiwiri ndinalowamo mitengo ikuphukira.
Lachitatu ndalipeza lero m'mawa
ndikuthamangira shifiti, osaliyembekezera,
chitsulo chinangoti tswii, kulowa
pachikopa chomwe sichinapindikepo.
Ndinaima kaye m'khitchini, ketulo ikuwira.
Panalibe woombera m'manja.

Madzulo mlongo wanga Eneless anaimba pavidiyo.
Anayandikitsa nkhope pafoni, n'kutsitsa mawu:
"Achimwene, masaya apita kuti?
Mukudwala? Kapena ntchito inatha?
Musatibisire."

Ndinafuna kumufotokozera za shuga,
za mbale ya maluwa, za makina a pakhonde,
koma mawu ake anatalika.
Ndinangomuuza za Loweruka:
Tithokoze anati tipikisane kukwera chitunda cha ku Green's Mill,
iye patsogolo, timichira ta tsitsi tikudumpha,
ine pambuyo, phuuphuu,
ndipo pofika pamwamba, pansi pa mapiko a chigayo champhepo,
mpweya unanditsalirako
wokwanira kumuyankha
atandifunsa kuti kwathu kuli mbali iti.

Eneless anakhala chete pang'ono.
"Chabwino," anatero. "Koma muzidya."

Ndizidya, mlongo wanga.
Mawa basi ya 43 idzanditsitsanso patali,
ndipo akuti kugwa mvula.