Wailesi Inandipereka Lachiwiri

Ndimaphunzitsa vayolini kuno ku Łódź.
Ana a eni amandiopa:
chala chikangophonya, ndimakwinya nkhope, amayambiranso.
Mutandifunsa zomwe ndimamvera kunyumba
ndikutchulirani akufa kalekale, ovala mawigi oyera aja,
inu nkugwedeza mutu mwaulemu.

Koma Lachiwiri lapitali, pa maloboti a kusiteshoni,
chipale chofewa chikumatirira pagalasi,
wailesi inandipereka.
Du-du-tsa, du-du-tsa,
kakiyibodi kolira ngati chidole cha pamsika,
mnyamata wa mawu am'mphuno akulumbira
kuti adikira pokwerera basi mpaka Loweruka.
Nyimbo yonse nkhani yake ndi yomweyo, basi ndi Loweruka.
Phazi langa lamanzere, lomwe m'galimoto muno lilibe ntchito,
linayamba lokha.

Ndinacheuka uku ndi uku ngati wakuba nkhuku.
Kenako ndinakweza.

Pompo ndinali mu holo ya ozimitsa moto kwathu, kuseri kwa Białystok,
pa ukwati wa msuweni wanga Bożena.
Fungo la kabichi, thukuta ndi perefyumu wotchipa.
Amalume a Zdzisław tayi atamanga pamphumi.
Wiesiek, tsitsi lalifupi kutsogolo, mchira kumbuyo,
masokosi oyera mbee m'nsapato zakuda,
anandiponda zala katatu osapepesa
ine nkumaseka ngati wandipatsa mphatso.
Kasetiyo ndinakaigula m'mawa mwake
kwa mayi woyala malonda pa bedi lopinda.
Tepi ikakodwa ndinkaikulunga ndi pensulo,
lilime panja, ngati dokotala pa opaleshoni.

Kusukulu ya nyimbo mumzinda ndinaphunzira kuinyoza.
Anzanga akamaseka zovina za akumudzi
ine ndinkaseka kuposa onse,
monga achitira munthu wochokera komweko.
Kaseti ndinaibisa pansi pa majuzi.
Ndasamuka kanayi, sinatsalepo.
Choiimbira ndilibe.

Ndi nyimbo yoipa, musandinamize.
Ndikhoza kukuwerengerani zolakwika zake mzere ndi mzere.
Nanga bwanji mawu onse ndikuwadziwa,
pomwe nambala ya foni ya mwana wanga ndimachita kuyang'ana?
Wiesiek akuti ali ku Norway, amayendetsa thiraki,
dazi lafika mpaka pomwe panali mchira paja.

Nditafika kusukulu sindinazimitse injini.
Ndinakhala momwemo, mapewa akugwedera m'chikhoti,
kudikira pamene kiyibodi imakwera pang'ono,
paja tonse tinkakweza manja m'mwamba.

Go go go pawindo.
Jagoda, wa zaka khumi ndi chimodzi, vayolini kumsana, mphuno ili psuu ndi chisanu.
"Aphunzitsi, imeneyo amaikonda agogo anga!"

"Wailesiyi yawonongeka," ndinatero. "Tiye, tachedwa."

Ola lonse anaimba bwino mwanayo.
Ine ndinaima pawindo, nkhope ili gwa,
ndikumuwerengera mokweza: imodzi, ziwiri, zitatu,
koma m'nsapato, momwe saona aliyense,
chala chachikulu chinali chidakali pokwerera basi,
kudikira Loweruka.