Bedi Laling'ono ku Rosettenville

Magetsi azimanso. Ndayatsa kandulo
yotsala pa Pasaka, ndaiimika m'kapu,
ndipo chisanu cha Juni chalowera pansi pa chitseko
ngati mlendo wodziwa pobisa makiyi.

Lero ndadalitsa ukwati wachitatu mwezi uno.
Mkwati, Filimoni Nkhwazi, amawotcherera zitsulo ku Booysens.
Mphete inakakamira pa mfundo ya chala,
mkwatibwi nkuinyowetsa ndi malovu, tchalitchi chonse kuseka.
Ndinanena mawu aja, chimene Mulungu wamanga,
anatuluka bwinobwino monga mwa masiku onse,
kenako ndinabwerera kuno kudzatenthetsa tiyi wa m'mawa.

Ku seminale anatiphunzitsa mbiri yake.
Petulo anali ndi apongozi, anadwalapo malungo.
Paulo anafuna onse akhale monga iye,
komabe anasiya mpata kwa otentha mtima.
Ena anathawira kuchipululu cha Ejipito kukaluka madengu,
ndipo zitapita zaka chikwi ndi kuposerapo
akuluakulu anakhala upo ku Roma natseka chitseko.
Mayeso amenewo ndinakhoza, malikisi apamwamba.
Panalibe funso lokhudza Lamulungu madzulo,
anthu onse atamwazika,
mabenchi akununkhirabe mafuta odzola a eni.

Tsiku londidzoza ndinagona chafufumimba pa simenti,
mayi anga akulira kumbuyo, anthu nkumati nchimwemwe.
Malume Zakeyu anandikokera kuseri kwa tenti:
"Mphwanga, ukadzakalamba adzakutungire madzi ndani?"
Ndinawayankha ndi vesi.
Anandiyang'ana nthawi yaitali, nabwerera kumpando wawo.

Joni wandiphunzitsa zimene m'mabuku munalibe.
Alonda a pageti, osoka nsapato a ku Jeppe,
amayi olera ana a eni ku Sandton
awo atawasiya kumudzi akukwawa.
Esinta Mwalabu amakolopa m'tchalitchi Loweruka.
Zaka zisanu ndi ziwiri asanaone mwamuna wake:
masiku a m'pasipoti anatha, akapita sadzabweranso,
ndipo fizi ya ana imachokera m'manja mwakemo.
Iye sanalumbire pamaso pa episkopi,
palibe anamuimbira nthungululu kapena kumuveka mkanjo.
Amagona m'kachipinda kuseri kwa galaja ya abwana,
foni pachifuwa, kudikira kuti inthunthumire.
Dzana anafinya mopu, osandiyang'ana:
"Bambo, inu mumatha bwanji?"
Vesi linafika pakamwa, ndinalimeza.
Ndinati, masiku ena sinditha, kumangocha basi.
Anaseka cha m'mphuno. "Nanenso," nasuntha ndowa.

Inde, panali nkhope ina. Dzina sinditchula.
Inkaima mzere wachiwiri m'kwaya ku Mtakataka,
inali ndi chizolowezi choluma chivindikiro cha cholembera.
Ndikumva ili ndi zidzukulu zinayi tsopano.
Sindinaisiye poyesa kuti chikondi nchodetsa.
Munthu sapereka nsembe mbuzi imene yamutopetsa.
Chimene sanandiuze nchakuti mbuziyo
umaiperekanso m'mawa uliwonse, ndipo imalirabe.

Nthawi zina ndimakwiya. Ndimawerenga mbale m'kabati:
zisanu ndi imodzi, yogwira ntchito imodzi yokha.
Ndimafunsa mtanda wa pakhomawo ngati ukuona,
uwo uli chete, manja otambasula,
nawonso pa bedi lopapatiza.

Foni yalira. Ndi akuchipatala cha South Rand.
Mnyamata wabayidwa pa renki ya matakisi,
alibe mapepala, alibe m'bale,
akuitana amake m'chiyankhulo chimene anamwino sakumva.
Ndavala jekete pamwamba pa zogonera.
Palibe womutsanzika,
palibe wogwira mkono nkunena, musapite, kunja nkoopsa.
Dzulo zimenezi zinandisowetsa tulo.
Usiku uno zandifulumizitsa kumanga nsapato.

Ndazimitsa kandulo ndi zala ziwiri.
Mafuta oyera ali m'thumba, makiyi a galimoto kukamwa,
agalu a aneba ayamba kuuwa,
ndipo ndikupapasa loko wa pageti mumdima.